Chopondera chachitatu mu Surf yanga

Galimoto zambiri zimene timaitanitsa ku Japan zimabwera ndi zopondera ziwiri. Kumeneko anthu anazolowera automatic kalekale, ndiye kaya yatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, kaya yadzera ku Beira kapena ku Durban, imafika momwemo. Ku Blantyre ndi ku Lilongwe sadandaula nazo. Koma ikangotsika mapiri a Chikwawa n'kuyamba kugona kuno kuchigwa, mwini wake sachedwa kumva malangizo, kaya pa golosale kaya pa maliro: "Chotsanimo chimenecho, muikemo manual." Ine ndinachotsadi. Hilux Surf yanga ya 1997, ya injini ya dizilo ya 1KZ-TE, lero ili ndi zopondera zitatu ndi magiya asanu. Anthu amandifunsa za ntchitoyi kawirikawiri, ena ndikaima pa Dyeratu, ena pafoni, ndipo yankho lake ndi lalitali, losatheka kulipereka uli chiimire m'mbali mwa msewu.

Ndiyambe ndi kuiikira kumbuyo automatic, chifukwa timainamizira zambiri. Giyabokosi imene Toyota inkaika mu Surf za m'badwo umenewu, wa pakati pa 1995 ndi 2002, ndi ya magiya anayi ya m'banja la A340, ndipo ndi yolimba kwabasi. Chimene chimaipha ndi kutentha. Pakati pa injini ndi giyabokosi pali chigubu chotchedwa torque converter, chodzaza ndi oyilo wofiira uja wa ATF. Injini imazunguza mapiko a mbali imodzi, mapikowo amaponya oyilo, ndipo oyiloyo ndiye amakankha mapiko a mbali inayo. Mphamvu yonse yotayika pakatipo imasanduka moto. Ukamathamanga bwino pa tala, muli kakilatchi kamene kamamanga mbali ziwirizo pamodzi, kutentha n'kutsika. Koma ukamakwera pang'onopang'ono utasenza katundu, kapena ukamalimbana ndi mchenga, kakilatchiko sikagwira. Oyilo amangotakasika n'kumapsa.

Tsono taganizirani kumene tikukhala. Blantyre ili pamtunda woposa mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene ife pa Chikwawa tili pa mamita 100 kapena cha pomwepo, ndipo ukamalowera ku Nsanje umatsikirabe. Kusiyana konseku umakukwera ukangochoka pa Thabwa, m'makona okhaokha, nthawi zambiri uli kumbuyo kwa lole ya shuga yochokera ku Nchalo imene ikuyenda mokwawa. Mu October ndi November kunja kumaposa madigiri 40. Oyilo wa giyabokosi amakazizirira mu kapaipi kodutsa m'munsi mwa radiyeta, radiyeta yomweyo imene ikuvutika kale kuziziritsa injini, ndipo aliyense wodziwa 1KZ akudziwa kuti ikatenthetsa imang'amba mutu. Choncho pachitunda chimodzi chomwecho, injini ndi giyabokosi zimalimbirana madzi amodzi. Radiyeta ikakalamba, kapaipi kaja kamatha kuboola mkati, madzi ndi oyilo n'kusakanikirana. Ukasolola kachitsulo koyezera oyilo umapeza zinthu zooneka ngati thobwa la mawere, ndipo zikafika apo dziwani kuti timakilatchi ta mkati tayamba kale kusupuka, chifukwa madzi amasungunula guluu wake.

Yanga sinafike pa thobwa. Inangoyamba ulesi. Mmawa ukaika pa D inkayamba yaganiza kaye isanagwire. Kenako pokwera, injini inkalira kwambiri liwiro osawonjezeka, ndipo oyilo anasanduka wakuda, wonunkha chopserera. Ntchito yanga ndi yogula chitowe ndi nandolo m'midzi, kuyambira kuno kwathu ku Ngabu mpaka kutsidya, njira ya Livunzu, Masenjere ndi Fatima. Galimoto imeneyi ndiye khasu langa, siingagone mwezi pa galaja.

Njira zinalipo zitatu: kugula automatic ina yakale, kukaikonzetsa yomweyo ku Blantyre, kapena kusinthiratu. Amakaniko anga, bambo achikulire a pa Nchalo amene anakulira m'mathirakitala ndi m'malole, sanandikakamize. Anagona pansi pa galimoto, anatulukamo, anapukuta manja, n'kunena kuti, "Achimwene, iyi ine kuitsitsa nditsitsa, koma kuitsegula ayi. M'kati mwakemo muli tinjira ta oyilo toti kamchenga kamodzi kakalowa basi yatha. Onani fumbi lili panoli. Koma mukandibweretsera ya kilatchi, ngakhale itakufereni ku Marka, ndibwera ndi sipanala zanga pa minibasi."

Mawu amenewo ndiwo anandigamulira nkhani, ndipo ndi chifukwa chokhacho chimene ndimaona kuti n'chokwanira kusinthira giyabokosi. Manual siyoposa automatic pa kulimba. Kusiyana kwake kuli pa mmene imafera ndi amene angaidzutse. Kilatchi imatha pang'onopang'ono, imakuchenjeza miyezi, ndipo ikatha amakaniko a pa Nchalo, pa Ngabu, pa Bangula ngakhale pa boma la Nsanje amaisintha pansi pa mtengo. Automatic ikafa, akatswiri ake ali kumtunda, zipangizo zake n'zoitanitsa kunja, ndipo chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse choitanitsa chimaluma. Kuikoka ndi chingwe mtunda wautali sikuloledwa pokhapokha utamasula propshaft, chitsulo chachitali chozungulira chija chimene chimatenga mphamvu ku giyabokosi kupita kumatayala, chifukwa pampu ya oyilo imazungulira ndi injini. Injini ikazima, zamkati zimazungulira zouma. Ndiye uyenera kufuna lole yoti iinyamule kukwera nayo mapiri. Amene tinali kuno mu January 2022, namondwe wa Ana atadula msewu wa M1 malo angapo, ndiponso mu March 2023 nthawi ya Freddy, tikudziwa kuti pali masiku amene Blantyre imakhala kutali kuposa mmene mapu akunenera. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kwa ine, giyabokosi yabwino ndi imene anthu a kwathu angaikonze.

Tsopano ntchito yeniyeniyo. Amene amaganiza kuti ndi nkhani yotsitsa bokosi ili n'kukweza linalo ndi amene galimoto zawo zimachita dzimbiri pa galaja. Chinthu choyamba ndi kupeza galimoto yopereka ziwalo, ya mtundu womwewo ndi injini yomweyo, imene inabadwa ili manual. Kaya ndi yochita ngozi, kaya ndi zija zodula pakati zimene ogulitsa masipeya amaitanitsa, chachikulu n'chakuti zonse zichoke m'thupi limodzi. Ine ndinayendayenda ku Ndirande ndi ku Limbe mpaka ndinapeza Surf imene inagubuduzika, denga lophwanyika koma pansi pali bwinobwino. Ndinagulitsa ng'ombe kuti ndiitenge yonse ya pansiyo, ndipo anzanga ena ankati ndawononga ndalama, bwenzi nditangogula giyabokosi yokha. Koma kugula chimodzichimodzi kumadula kuposa, chifukwa tizinthu ting'onoting'ono ndi timene timasowa: kabulaketi, kasipuling'i, bawuti ya utali wakutiwakuti. Chilichonse chikasowa ndi ulendo wa ku Blantyre.

Giyabokosi ya magiya asanu imabwera ndi chigoba chake chakutsogolo chimene chimamangirira ku injini, komanso ndi bwino ibwere ndi transfer yake, kabokosi kaja kogawira mphamvu kumatayala akutsogolo, popeza polumikizira pa automatic ndi pa manual sipakhala pofanana nthawi zonse. Kumbuyo kwa injini ya automatic kuli chimbale chopyapyala chongogwirizira torque converter. Chimenecho chimachoka, m'malo mwake pamabwera flywheel, chimbale cholemera chimene kilatchi imagwirapo, ndipo mabawuti ake ndi ena, ataliko. Apa ndinaona chinthu chimene sindidzaiwala. Amakaniko asanakweze flywheel anatenga kaberingi kakang'ono, kosaposa chivindikiro cha botolo, n'kukakhomera pang'onopang'ono pa kabowo ka kumapeto kwa crankshaft, shafiti yaikulu ya injini. Pa automatic kaberingi kameneka kulibe, chifukwa pabowopo pamalowa mphuno ya torque converter. Pa manual ndi kamene kamagwira nsonga ya shafiti ya giyabokosi kuti isamagwedere. Anandiuza kuti anaonapo galimoto zosinthidwa ndi anthu ena zimene anaiwala kuikamo, ndipo pakangopita miyezi giyabokosi imayamba kulira, magiya n'kumakana kulowa, mpaka kutsitsanso zonse chifukwa cha kanthu kotchipa kuposa china chilichonse pa ntchitoyo. Tili pomwepo anasinthanso silo ya oyilo ya kumbuyo kwa injini, poti njira inali yotsegula kale. Kilatchi, pressure plate ndi release bearing ndinagula zatsopano. Izi musatenge zakale ngakhale zikuoneka bwino.

Mkati mwa galimoto ndi mmene muli ntchito yotopetsa. Chopondera buleki cha automatic n'chachikulu, chimadya malo a kilatchi, ndiye chimachoka n'kubwera chaching'ono pamodzi ndi cha kilatchi. Kuti ufike pamenepo uyenera kugona chagada, mutu pansi pa chiwongolero, miyendo pampando, kunja kukutentha mmene kumatenthera kwathu kuno. Mnyamata wophunzira ntchito ndi amene anagona mmenemo, thukuta lili kamukamu. Pa chitsulo cholekanitsa injini ndi mokhala anthu pamafunika kuboola malo a master cylinder, kapampu kamene chopondera kilatchi chimakankha, ndipo ubwino wa galimoto imene fakitale inkapanga mitundu yonse iwiri ndi wakuti malowo amaoneka, ukayerekeza ndi galimoto yopereka ziwalo ija sulakwitsa. Kuchoka apo paipi imatsika kukafika ku slave cylinder pa giyabokosi, kamene kamakankha kilatchi yeniyeniyo. Pochotsa mpweya m'paipimo anandikhazika ine pampando. Amakaniko ali pansi ndi sipanala ndi kabotolo, akukuwa: "Pondani! Pondaninso! Gwirani pompo! Siyani!" Poyamba chopondera chinkangogwa chokha mpaka pansi. Kenako chinayamba kulimba pang'onopang'ono, mpaka ndinamva kuphazi kuti tsopano chikukankha chinthu.

Pansi pa galimoto, chitsulo chopingasa chimene giyabokosi imakhalira chimafunika cha manual. Ma propshaft onse awiri, wakutsogolo ndi wakumbuyo, amasiyana utali chifukwa mabokosi awiriwa si ofanana kutalika. Pamenepa ndikuchondererani: musalole munthu adule propshaft n'kuwotcherera pa msika. Chitsulo chimenechi chimazungulira mothamanga kwambiri, chikapotoka pang'ono galimoto yonse imanjenjemera, maberingi amatha, ndipo chikathyoka muli pa liwiro ndi ngozi. Tengani a galimoto yopereka ziwalo. Nkhani ya madifu, mabokosi a magiya aja okhala pakati pa matayala, nayo ndi yofunika kuifunsa, chifukwa nthawi zina fakitale imaika magiya a difu osiyana pa automatic ndi pa manual. Mutha kusiya anu momwemo, galimoto idzayenda, kungoti kalilidwe ka injini pa liwiro kadzasinthako. Chosayenera n'kusintha difu imodzi n'kusiya inayo. Yakutsogolo ndi yakumbuyo zikasiyana, tsiku loyamba kuika 4WD mudzathyola china chake.

Mawaya ndi amene amagonetsa anthu ambiri. Automatic ili ndi switchi imene imaletsa sitata kuzungulira pokhapokha ndodo ili pa P kapena pa N. Giyabokosi ikachoka, switchiyo yapita nayo, ndipo ukapotokola kiyi pamangokhala zii. Mawaya awiri amenewo ayenera kulumikizidwa, ndipo wodziwa ntchito amawadutsitsa pa kaswitchi ka pa chopondera kilatchi, kuti galimoto isalire usanaponde. Kwathu kuno ana amasewera paliponse, ena pansi pa galimoto penipeni pofuna mthunzi, ndiye sindinafune galimoto yoti ingadumphe ili m'giya. Magetsi obwerera m'mbuyo ankadutsanso pa switchi yomwe ija, choncho amafuna kulumikizidwa ku ya pa bokosi latsopano. Palinso kachitsulo kamene kamakaniza kiyi kutuluka ngati galimoto sili pa P. Mukakaiwala, kiyi adzakakamira. Sensa ya liwiro iyenera kugwirizana ndi dashibodi. Ndipo kompyuta ya injini ya automatic imayembekezera kumva kuchokera ku giyabokosi imene kulibenso, ndiye imatha kuyatsa nyali yochenjeza. Ife tinaika kompyuta ya galimoto yopereka ziwalo ija pamodzi ndi mawaya ake, nkhani inathera pomwepo. Ena amasiya yakale n'kumata tepi pa nyaliyo. Zimenezo n'zoopsa pa 1KZ, chifukwa tsiku limene nyaliyo idzayake pa chifukwa chenicheni simudzaiona.

Timabowo tiwiri ta oyilo pa radiyeta tinatitseka, mu giyabokosi tinathiramo oyilo wa magiya wa 75W-90, ndipo pansi pa ndodo tinaikapo mphira wake kuti fumbi ndi kutentha zisamalowe.

Zimene ndapindula ndi izi. Pokwera ku Thabwa ndimasankha ndekha giya n'kukhala momwemo, ndipo muvi wa kutentha sukwera monga kale, chifukwa radiyeta tsopano ikutumikira injini yokha. Potsika ndimaika yachiwiri kapena yachitatu, injini n'kumagwira galimoto, phazi lili pambali. Koma ndinene chilungamo: automatic nayo ili ndi 2 ndi L, zimene ntchito yake ndi yomweyo. Fungo la mabuleki opserera limene timalimva m'munsi mwa mapiri aja nthawi zambiri limachokera kwa oyendetsa amene amatsika phiri lonse ali pa D, phazi lili pa buleki. Kutero mabuleki amatentha mpaka kuleka kugwira. Amenewo sakufunika giyabokosi ina, akungofunika wowauza.

Za kuliza galimoto pokankha, zimene anthu amazitama kwambiri, n'zoona koma zili ndi malire. Sitata ikafa kapena batire likafooka, anyamata angapo akakankha imalira. Koma pampu ya dizilo ya 1KZ-TE imalamulidwa ndi kompyuta, ndiye batire likafera ndithu, ngakhale mudzi wonse ukankhe siilira. Dizilo nayenso ndikuona kuti akutha mochedwerako, makamaka m'misewu ya fumbi yoyenda pang'onopang'ono, koma osati mochita kubweza ng'ombe zanga chaka chimodzi. Wosintha giyabokosi n'cholinga chopulumutsa mafuta okha adzadikira nthawi yaitali.

Zilipo zimene ndinataya, ndipo izi alangizi a pa golosale satchula. Mumchenga wa m'mitsinje youma automatic inali bwino. Imapereka mphamvu mosadukiza, pamene pa manual ukaponda kilatchi kuti usinthe giya galimoto imaima nthawi yomweyo n'kuyamba kukumba. M'dothi la makande la kuno ku Ngabu, limene mvula ikagwa limamata matayala mpaka kusanduka mipira yosalala, munthu wosazolowera amapsereza kilatchi tsiku limodzi. Ndinayenera kuzolowera kuika 4L, giya yamphamvu ya 4WD yoyendera pang'onopang'ono, ndisanalowe pamalo ovuta, kusankha giya yachiwiri, n'kuchotseratu phazi pa kilatchi mpaka nditatuluka. M'madzi lamulo lake ndi lomwelo ndipo ndi lolimba kwambiri: ukaponda kilatchi uli pakati pa mtsinje, madzi ndi matope zimalowa pakati pa mbale ndi flywheel, galimoto n'kuyamba kuterereka pomwe ukuifuna kwambiri. Mumzere wa magalimoto ku Limbe mwendo wamanzere umatopa. Mayi a kunyumba, amene ankaiyendetsa bwinobwino kupita kutchalitchi ndi kuchipatala, anayamba aisiya kaye mpaka atazolowera, ndipo zimenezi zinandikhudza, chifukwa galimoto ya pakhomo iyenera kuyendetsedwa ndi aliyense usiku wa matenda. Musanasinthe, kambiranani kunyumba.

Mnyamata wina wa ku Bangula anandiimbira kuti akufuna kuchita chimodzimodzi pa Nissan X-Trail yake. Ndinamuuza kuti asayerekeze. Galimoto za zaka za m'ma 1990 ngati Surf, Prado yakale kapena Pajero zili ndi mawaya owerengeka, injini yoyang'ana kutsogolo ndi chasisi yoti chilichonse umachimasula ndi sipanala. Zatsopanozi, makamaka za giyabokosi ya CVT, makompyuta ake amalankhulana: ya injini, ya giyabokosi, ya mabuleki a ABS, ya dashibodi, ya kiyi. Ukachotsa imodzi, zinazo zimasokonezeka, ndipo galimoto imatha kukana kulira kapena kumangoyenda mofooka. Pamenepo njira yanzeru ndi kuigulitsa idakali yamoyo n'kufuna ina imene inabadwa ili manual. Ngakhale pa galimoto zakalezo, ngati mtundu wake sunapangidwepo wa manual ndi injini yomweyo, ndiye kuti mukulowa m'ntchito yosula zitsulo, ndipo mtengo wake palibe angakuuzeni pachiyambi.

Kwa amene automatic yake ikadali bwino, ndimati isiyeni, koma muisamale monga galimoto ya kuchigwa. Muziyang'ana oyilo wake injini ikulira itatentha: akhale wofiira, wosanunkha chopserera. Muzimusintha msanga kuposa mmene buku likunenera, chifukwa bukulo silinalembedwere kutentha kwa Nsanje. Ikani karadiyeta kapadera koziziritsira oyilo kutsogolo kwa radiyeta, ndipo radiyeta ikakalamba musadikire kuti iboole. Pokwera ndi katundu zimitsani overdrive, imene ndi giya yachinayi, kapena tsitsani pa 2 kuti isamasakesake magiya. Zonsezi pamodzi mtengo wake ndi kachigawo kochepa ka zimene ine ndinalipira.

Mukasintha, musaiwale mapepala. Auzeni a inshuwalansi kuti galimoto yasinthidwa, ndipo kafunseni ku Road Traffic ngati pali chofunika kukonza pa zolembedwa zake musanapite ku COF, kuti tsiku la ngozi pasadzapezeke chokanira. Wodzagula galimotoyo m'tsogolo muuzeninso zoona, ndipo sungani malisiti a zonse zimene munaikamo, chifukwa amakaniko wodzaigwira pambuyo panu adzafuna kudziwa kuti kilatchi yake ndi ya galimoto iti.

Kwanga ntchito yatsala imodzi mvula isanayambe. Giyabokosi, transfer ndi madifu zili ndi timabowo topumira pamwamba pake. Chitsulo chotentha chikalowa m'madzi ozizira chimakoka mpweya, ndipo ngati kabowoko kamira chimakoka madzi, oyilo n'kusanduka woyera. Tagwirizana ndi amakaniko kuti tilumikize timapaipi pa timabowo tonseto n'kutikweza mpaka m'chipinda cha injini, pafupi ndi batire. Timapaipito ndagula kale, ndikungodikira kuti amalize thirakitala imene ili pa galaja pawo.